Droni inafika, helikopita inalephera: malire okwerera m'mwamba ndi vuto la ayezi pa mapiko

Mu Ogasiti 2025, mayi wina wa ku Russia wokwera mapiri anathyoka mwendo akutsika phiri la Jengish Chokusu, limene ena amalitcha Pobeda, m'malire a Kyrgyzstan ndi China. Phirili ndi lalitali mamita 7,439, ndipo mayiyu anatsakamira pamalo opitirira mamita 7,000. Patapita pafupifupi sabata, droni inakwera n'kukamujambula akadali moyo. Koma kumutsitsa kunakanika. Mnzake wa ku Italy amene anamupititsira chakudya ndi zofunda anafera paphiri pomwepo, helikopita ya asilikali ya mtundu wa Mi-8 imene inanyamula opulumutsa inatera mwangozi isanayandikire n'komwe, ndipo nyengo itaipiratu ntchito yonse inaimitsidwa.

Anthu ambiri anafunsa funso lomveka: ngati kachipangizo kokwana m'chikwama kanafika, chinalepheretsa helikopita n'chiyani? Ena anakumbutsa kuti helikopita inaterapo pansonga pa Everest, phiri lalitali kuposa limeneli. Zonsezo n'zoona. Chimene chimasokoneza n'choti malire a m'mwamba alipo angapo. Ena amaikidwa ndi mpweya, ena ndi lamulo, ena ndi mitambo ya tsikulo, ndipo nambala imene kampani imalemba m'buku la ndege imayankha funso limodzi lokha.

Mpweya umapepuka mukamakwera

Msodzi akamapalasa bwato panyanja, nkhafi imakankhira madzi kumbuyo, bwato n'kumapita kutsogolo. Mapiko ozungulira a helikopita amachita chimodzimodzi ndi mpweya: amaukankhira pansi, ndegeyo n'kunyamuka. Madzi aja atapepuka ndi theka, msodzi angatsale ndi njira zitatu basi: kupalasa mofulumira, kupeza nkhafi yaikulu, kapena kutsitsa katundu wina m'bwato.

Kumwamba mpweya ndi wopepukadi. Pansonga ya Sapitwa pa Mulanje, mamita 3,002, kuthithikana kwa mpweya kumatsala pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mmene kulili m'mbali mwa nyanja yamchere. Pa mamita 7,000 kumakhala kosakwana theka.

Pa njira zitatu zija, ziwiri zoyambazo zimaivuta helikopita. Mapiko ake sangatalikitsidwe ili m'mwamba. Kuwazungulitsa mofulumira kwambiri sikuthekanso, chifukwa nsonga zake zimakhala zikuthamanga kale pa liwiro loyandikira la phokoso, ndipo zikayandikiratu zimayamba kunjenjemera n'kutaya mphamvu. Woyendetsa amangowonjezera kupendekeka kwa mapiko kuti azigwira mpweya wambiri, koma nakonso kuli ndi polekezera. Akapyola pamenepo mpweya umaleka kuyenda motsatira phiko, mphamvu yonyamula n'kugwa mwadzidzidzi. Kuwonjezera apo, injini imafuna okosijeni kuti itenthe mafuta, choncho imafooka pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Kaphiko ka kumchira, kamene kamaletsa helikopita kuzungulira ngati nguli, nako kamakhala kakugwira mpweya wopepuka womwewo. Chotsala ndi njira yachitatu ija: kuchepetsa anthu, mafuta ndi katundu.

Pofuna kuona mapeto a nkhaniyi, taonani Ingenuity, kahelikopita ka bungwe la NASA la ku United States lofufuza za m'mlengalenga, kamene kanauluka koyamba pa pulaneti ya Mars pa 19 Epulo 2021. Mpweya wa kumeneko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a wa kuno. Kuti kanyamuke, kanapangidwa kolemera makilogalamu 1.8 okha, mapiko ake otalika mamita 1.2 akuzungulira maulendo pafupifupi 2,400 pa mphindi, pamene mapiko a helikopita wamba amazungulira maulendo 400 kapena kucheperapo.

Kutentha kumatalikitsa phiri

Oyendetsa ndege sawerengera mamita olembedwa pamapu okha. Amawerengera chimene amachitcha density altitude, kutanthauza mtunda umene ndege "ikumva" kuti ilipo malinga ndi kupepuka kwa mpweya tsikulo. Muyezo umene mayiko amagwiritsa ntchito umatenga 15°C ngati kutentha kwa m'mbali mwa nyanja yamchere, n'kumachotsa madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Kukatentha kuposa muyezowo, digiri iliyonse imawonjezera mamita pafupifupi 36.

Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita pafupifupi 1,230, pamene muyezo umayembekezera 7°C. Masana a mu Okutobala kutentha kukafika 32°C, ndege imanyamuka ngati ili pa mamita opitirira 2,100. N'chifukwa chake helikopita imene inanyamula anthu asanu m'mawa ikhoza kukana asanu omwewo dzuwa lili paliwombo, ndipo maulendo ambiri a kumapiri amakonzedwa m'bandakucha, mphepo isanadzukenso.

Kudutsa, kutera, ndi kuima m'malere

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lija. Helikopita ili ndi malire osiyana malinga ndi chimene ikuchita.

Ikamapita kutsogolo, mapiko ake amakumana ndi mpweya watsopano nthawi zonse, ndipo mphamvu yofunika imachepa. Pamenepa imatha kukwera kwambiri. Pa 21 Juni 1972, Jean Boulet wa ku France anakweza helikopita ya mtundu wa Lama kufika mamita 12,442, mbiri imene bungwe la FAI, losunga mbiri za zouluka padziko lonse, likuivomerezabe. Kumtundako kuzizira kunapitirira −60°C, injini inazima osalirenso, ndipo iye anatsika mtunda wonsewo mapiko akuzungulitsidwa ndi mphepo yokha, n'kutera bwinobwino.

Kuima pamalo amodzi kumadya mphamvu yambiri kuposa pamenepo. Ikaima pafupi ndi nthaka yosalala, mpweya umene ikukankhira pansi umaithandizako pang'ono. Ikaima m'malere, pamwamba pa chigwa kapena pambali pa phedi, thandizo limenelo palibe, ndipo malire ake amatsika kwambiri. Tsoka lake, kupulumutsa munthu paphiri nthawi zambiri kumafuna kuima kovutaku: helikopita ili duu m'malere, chingwe chachitali chikulendewera, kenako kulemera kwa munthu wina kukuwonjezeka mwadzidzidzi.

Nanga za pa Everest zija? Pa 14 Meyi 2005, Didier Delsalle anateradi pansonga pa phirilo ndi helikopita ya Eurocopter AS350 B3, n'kukhalapo kupitirira mphindi 3. Koma anali yekha, mipando ndi zina zolemera zitachotsedwa, atasankha yekha tsiku, ndipo anadalira mphepo imene imakwera motsatira phiri. Sanatengeko munthu. Malire ovomerezeka a helikopita yomweyo, imene lero imatchedwa Airbus H125, ndi mamita pafupifupi 7,000. Helikopita yaing'ono ya Robinson R44, imene imapezeka m'mayiko ambiri, imalekezera pa mamita pafupifupi 4,300.

Kupulumutsa anthu kumtunda kwachitikapo ndithu, koma movutikira. Mu Meyi 1996, Madan Khatri Chhetri, msilikali woyendetsa ndege wa ku Nepal, anatenga anthu awiri ovulala pa Everest pa mamita pafupifupi 6,000. Anawatenga mmodzimmodzi, chifukwa awiri pamodzi helikopita sikananyamuka. Mu 2013, Maurizio Folini wa ku Italy anakoka munthu ndi chingwe pa mamita pafupifupi 7,800 pa phiri lomwelo. Zimenezi zimakumbukiridwa chifukwa sizichitika kawirikawiri, ndipo zimafuna kuti helikopita yoyenera, woyendetsa wozolowera ndi mphepo yabata zipezeke tsiku limodzi.

Woyendetsayo nayenso ndi munthu wopuma. Malamulo a ku United States amati akapitirira mamita pafupifupi 3,800 kwa mphindi zoposa 30 ayambe kupuma okosijeni wa m'botolo, ndipo akapitirira mamita pafupifupi 4,300 asauchotse n'komwe.

Droni: yopenya patali, yonyamula zochepa

Mota ya magetsi sifuna okosijeni, choncho droni ya batire ilibe vuto la injini yobanika. Timapiko take n'tating'ono, ndipo tikhoza kuwonjezera liwiro popanda kuyandikira liwiro la phokoso. Ilibenso munthu m'kati. N'chifukwa chake mu Julayi 2018 droni yaing'ono inapeza wokwera mapiri wa ku Scotland amene anzake ankaganiza kuti wafa pa Broad Peak ku Pakistan, n'kulondolera opulumutsa pamene anali. Mu 2022 droni ya DJI Mavic 3, yolemera magalamu pafupifupi 900, inanyamuka pansonga penipeni pa Everest.

Pamene imagonja ndi pa batire ndi pa katundu. Timapiko tikamazungulira mofulumira timamwa magetsi ambiri, pomwe batire la lithium likazizidwa limapereka ochepa, ndipo likhoza kugwa mphamvu mwadzidzidzi pamene foni ya woyendetsa ikuonetsa kuti likadali ndi moto. Mu Epulo 2024, droni yaikulu ya DJI FlyCart 30 inayesedwa pa Everest, kuchoka pa msasa waukulu wa pa mamita opitirira 5,300 kukafika pa msasa woyamba pafupi ndi mamita 6,000. Kumunsi imanyamula makilogalamu 30. Kumeneko inayesedwa ndi makilogalamu 15: mabotolo a okosijeni popita, zinyalala pobwera. Si nkhani yaing'ono, chifukwa njira imeneyo imadutsa pa Khumbu Icefall, malo a ayezi wogumukagumuka, pamene amuna 16 a ku Nepal ogwira ntchito paphiri anafa tsiku limodzi mu Epulo 2014. Komabe makilogalamu 15 si munthu wamkulu wovala zovala za m'chisanu.

Malire a lamulo

Malire amene eni madroni ambiri amawadziwa, mamita 120, alibe chochita ndi mphamvu ya droni. Anaikidwa pofuna kulekanitsa madroni ndi ndege za anthu, zimene kunja kwa mizinda siziloledwa kutsika kupyola mamita 150 pokhapokha ponyamuka ndi potera. Ku United States lamuloli linayamba kugwira ntchito pa madroni a malonda mu Ogasiti 2016, ndipo mayiko a European Union anayamba kutsatira lawo lofanana kumapeto kwa 2020. Ku Britain nakonso ndi mamita 120. Boma likhoza kupereka chilolezo chapadera: dera loyesera madroni limene boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu mu Juni 2017 linaloledwa kufika mamita 400 kuchokera pansi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapusitsa anthu. Choyamba, lamulo limayeza kuchokera pa nthaka imene ili pansi pa droniyo, pamene madroni ambiri amaonetsa mtunda kuchokera pamene ananyamukira. Mukaimirira pamwamba pa phiri n'kuiulutsira kuchigwa, foni ikhoza kulemba mamita 50 droni ili mamita 400 pamwamba pa mudzi. Chachiwiri, mahelikopita nthawi zambiri amagwira ntchito m'munsi mwa mamita 150 omwewo, pozimitsa moto, ponyamula odwala kapena polondera. Mu Sepitembala 2017, droni ya DJI Phantom 4 inawombana ndi helikopita ya asilikali ya Black Hawk pafupi ndi Staten Island ku New York pa mamita pafupifupi 90. Helikopitayo inatera bwino, koma phiko lake linawonongeka.

Madzi amene akana kuundana

Kusukulu tinaphunzira kuti madzi amaundana pa 0°C. Zimenezo ndi zoona pa madzi a m'kapu, koma timadontho toyera ta m'mitambo timatha kukhalabe madzi mpaka pafupi ndi −40°C, chifukwa kuti tiundane timafuna kachinthu kogwirapo, monga fumbi kapena kachidutswa ka ayezi. Daniel Fahrenheit anafotokoza zimenezi mu 1724, ndege zisanapangidwe n'komwe. Phiko likalowa mumtambo wotere, ilo ndi limene limakhala chogwirapo chija, ndipo kadontho kalikonse kamene kaligunda kamaundana pomwepo.

Choncho ngozi yaikulu sili kumene kwazizira kwambiri. Ili pakati pa 0°C ndi −20°C, m'mitambo, m'chifunga kapena mumvula yowaza. Thambo likayera, ngakhale kuzizire bwanji, ayezi wotere sapangika. Timadontho tating'ono pamalo ozizira kwambiri timaundana nthawi yomweyo n'kusiya ayezi wotuwa, wokhakhala, kutsogolo kwa phiko. Madontho aakulu, kukakhala kuti sikunazizire kwenikweni, amayamba ayenderera chakumbuyo asanaume, n'kupanga ayezi woonekera ngati galasi, wolimba, nthawi zina wotuluka ngati nyanga. Wachiwiriyu ndi woopsa zedi, chifukwa saoneka msanga ndipo amafika kumene zotetezera sizifika.

Anthu ambiri amaganiza kuti ayezi amagwetsa ndege chifukwa cholemera. Kulemerako kulipo, koma chachikulu n'choti ayezi amasintha kaumbidwe ka phiko. Phiko limanyamula chifukwa cha mmene mpweya umayendera mosalala pamwamba pake, ndipo kukhakhala pang'ono chabe kutsogolo kwake n'kokwanira kusokoneza zimenezi. Pa 31 Okutobala 1994, ndege ya ATR 72 ya American Eagle inagwa ku Roselawn, m'boma la Indiana, n'kupha anthu 68, ayezi ataunjikana kuseri kwa zotetezera za pa mapiko pamene inkazungulira kudikira mpata wotera. Ngoziyi inachititsa kuti malamulo okhudza madontho akuluakulu ozizira alembedwenso. Pa ndege ya Air France 447 imene inagwera m'nyanja ya Atlantic pa 1 Juni 2009 ndi anthu 228, mapiko analibe vuto: tizidutswa ta ayezi tinatseka timapaipi toyezera liwiro, ndipo chisokonezo chinayambira pamenepo.

Helikopita ndi droni zikakumana ndi ayezi

Pa helikopita, ayezi akamamatira pa mapiko injini imayenera kukoka kwambiri kuti liwiro lisatsike. Kumtunda, kumene mphamvu yotsala ndi yochepa kale, malire aja amatsika helikopita ili pompo. Chifukwa cha kuzungulira, ayezi amagamphuka, koma sagamphuka mofanana. Phiko limodzi likataya ayezi wake linzake likadali naye, helikopita yonse imagwedezeka koopsa. Zidutswa zogamphukazo zikhoza kumenya kaphiko ka kumchira kapena kulowa mu injini. Choipitsitsa n'choti mapiko a ayezi sazungulitsidwa bwino ndi mphepo, ndiye njira ija imene inapulumutsa Boulet injini itazima imakhala yosadalirika. N'chifukwa chake mahelikopita ang'onoang'ono ambiri, kuphatikizapo amene amakwera kwambiri m'mapiri, saloledwa kulowa dala kumene kuli ayezi. Mtambo ukakuta phiri, amakhala pansi.

Droni imavutika msanga kuposa pamenepo. Chinthu chopyapyala chimagwira timadontho tambiri poyerekeza ndi kukula kwake, chifukwa mpweya supatuka msanga kutsogolo kwake kuti utikokere kumbali. Ayezi wochindikala ngati chikhadabo ndi wochepa pa phiko la ndege yaikulu, koma pa kaphiko ka droni amasinthiratu kaumbidwe. Ofufuza, monga a pa yunivesite ya NTNU ku Trondheim m'dziko la Norway, aonetsa m'zipinda zoyeseramo mphepo kuti timapiko ta droni timataya mphamvu yambiri m'mphindi zowerengeka chabe. Palibenso munthu m'kati woti aone ayezi pagalasi n'kubwerera. Woyendetsa ali pansi amangoona batire likutha mofulumira, ndipo nthawi zina chizindikiro chokhacho ndi chimenecho.

Kuno kwathu mtunda umene kuzizira kumafika 0°C m'mwamba nthawi zambiri umakhala pa mamita 4,500 mpaka 5,000, choncho droni yonyamula mankhwala kapena yojambula minda siikumana ndi mitambo yotere. Koma pali ayezi wina amene sadikira chisanu. Mu injini za kabuleta, monga za mahelikopita ena ang'onoang'ono, mafuta akamasanduka nthunzi amaziziritsa njira ya mpweya kwambiri moti chinyezi chimaundana m'kati, ngakhale kunja kukutentha madigiri 20 kapena kuposa. N'chifukwa chake injini zimenezi zili ndi chotsegulira mpweya wofunda.

Zodzitetezera ndi mtengo wake

Cha m'ma 1930 kampani ya B.F. Goodrich ya ku Akron, m'boma la Ohio ku United States, inatulukira malamba a labala oikidwa kutsogolo kwa mapiko, amene amafufuma n'kuswa ayezi. Ndege zambiri za mapulopela zikuwagwiritsabe ntchito. Ndege zazikulu za jeti zimatenga mpweya wotentha wa mu injini n'kuudutsitsa m'mapiko. Zina zimatulutsa mankhwala oletsa kuundana kudzera m'timabowo. Ku Cleveland, m'boma lomwelo la Ohio, kuli chipinda chachikulu choyeseramo ayezi chimene chakhala chikugwira ntchito kuyambira 1944, ndipo pano chili m'manja mwa NASA.

Mapiko a helikopita amazungulira, choncho njira imene imathandiza ndi mawaya a magetsi otenthetsa oikidwa m'kati mwake. Mahelikopita aakulu monga Super Puma ndi Sikorsky S-92, amene amanyamula ogwira ntchito ku migodi ya mafuta ya m'nyanja ya North Sea, akhoza kuikidwa zimenezi. Koma zimafuna majenereta owonjezera, ndipo zonsezo n'zolemera. Pamenepa pali mfundo yovuta kuimasula: helikopita yotetezeka ku ayezi imakhala yolemera moti singaime m'malere pa mamita 7,000, pomwe yopepuka imene ingaime kumeneko ilibe chitetezocho. Pa droni, moto wotenthetsera timapiko umachokera mu batire lomwelo limene likuinyamula.

Zimene sizinathetsedwe

Ndege za anthu zili ndi miyezo yodziwika yoyesera ngati zingapirire ayezi. Ya madroni ang'onoang'ono ikukambidwabe, ndipo akatswiri sanagwirizane ngati njira yabwino ndi kuwaikira zotenthetsera kapena kuwaphunzitsa kuzindikira ayezi msanga n'kuthawa. Zolosera zanyengo nazonso zinakonzedwera ndege zouluka kumtunda komanso mitunda italiitali. Ndani adzauze droni yonyamula magazi kuti chifunga cha m'chigwa chakutsogolo chili pa −3°C?

Funso la mamita 120 nalonso likubwerera, pamene makampani akufuna kuulutsa madroni ambirimbiri kutali kosaoneka ndi maso, m'danga lomwelo limene mahelikopita a odwala amadutsa. Ena akuti droni iliyonse izitha kuona ndi kupatuka yokha. Ena akuti ndege za anthu zouluka m'munsi nazonso zikakamizidwe kunyamula zipangizo zodzionetsera, ndipo mkangano uli pa amene alipire.

Kumapiri, madroni onyamula katundu akuchepetsa maulendo oopsa a anthu onyamula mitolo, koma maulendo omwewo ndi amene amadyetsa mabanja awo. Ena akudandaulanso kuti chiyembekezo choti helikopita ibwera chikulimbitsa mtima anthu osakonzeka kukwera kumene sakanafika. Ndipo nkhani ya pa Jengish Chokusu yasiya funso limene malamulo sanaliyankhe: droni ikaonetsa kuti munthu ali moyo pamalo amene palibe chombo chingamunyamule, ndani ayenera kulamula kuti opulumutsa apitirize kapena abwerere, ndipo aziyeza bwanji moyo wa wovulalayo ndi miyoyo ya amene akutumidwa?